A Zgambo, amene anaodira pakhomo pawo pomwe

Mwezi wathawu tinamanga chiliza cha apongozi anga aamuna, a Yotamu Zgambo, kumudzi kwathu kufupi ndi Champhira. Simenti inalipo, mmisiri anafika m'mawa ndi zida zake, koma ntchito inachedwa kuyamba chifukwa abale anakangana za mawu olemba pamwala. Amuna anga, a Wongani, ankafuna vesi. Alamu anga a ku Mzuzu ankafuna palembedwe kuti malemu anali mphunzitsi. Mmisiri atatopa anati iye amalemba zimene aliyense amalemba, dzina ndi mawu oti mzimu uuse mumtendere, ndipo palibe wakufa amene anadzukapo kudzadandaula. Apongozi anga aakazi, amama NyaTembo, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Anati mmisiriyo ali ndi mwayi kuti mwini chiliza ali pansi. Akanakhala pamtunda akanamufunsa kuti aliyenseyo ndani, ndipo anthu anakumana kuti pogwirizana mawu amenewo, mpaka simenti ikanaumira m'wilibala.

Amama sananame. Ine ndine wa ku Kasungu, ndinakwatiwa kuno ndili mtsikana, ndipo tsiku limene ndinafika dzina langa linasanduka NyaPhiri, monga amaitanira akazi kuno. Apongozi angawo ndinkawatcha adada. Ndinawapeza atatsala pang'ono kupuma pa ntchito ya uphunzitsi. Anali munthu wamtali, wowonda, wa jekete imodzi imene fumbi la choko linakana kuchokamo ngakhale atasiya kalasi, ndi magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Sankamwa mowa, sankasuta ngakhale ankalima fodya. Vuto lawo linali limodzi: akaona anthu akuchita chinthu chimene amachita tsiku lililonse, sankatha kudutsa osafunsa kuti amachitiranji.

Amama ankati matendawa anakawatenga ku maphunziro ena a aphunzitsi kumene anatumizidwa kalekale. Kumeneko anakumana ndi phunziro la dzina lalitali, fenomenoloje, limene m'mudzi palibe anakwanitsa kulitchula mpaka kumapeto. Amama ankangoti feno, ndipo anthu ena ankayesa kuti ndi mapiritsi amene adada analeka kumwa. Mmene iwo ankalifotokozera, phunzirolo silinali lovuta. Ankati dziko silinaime pa boma kapena pa chimanga chokha, koma pa tinthu ting'onoting'ono timene tonse timakhulupirira popanda kufufuza. Munthu akadzuka m'mawa sayamba wafunsa ngati mkazi wake akadali mkazi wake, kapena ngati moni akadali moni. Amangodalira kuti za dzulo zipitirira lero, ndi kuti mnzake akuganiza chimodzimodzi. Mnzakeyo nayenso akudalira iye. Ankati tili ngati anthu awiri otsamirana misana, aliyense akuyesa kuti watsamira khoma.

Akanamangolankhula zimenezi pa bawo, bwenzi palibe vuto. Koma adada ankafuna kuona ndi maso. Ankati ukafuna kudziwa mzati umene wagwira denga, uugwedeze.

Anayamba ndi moni. Tsiku lina kuchipatala pa Boma anaona bambo wina atagona pa machira, mwendo utathyoka, akuyankha wachibale kuti nili makora, ndiye kuti ndili bwino. Adada anabwerako atatsimikiza mtima kuti iwo sadzanamanso. Aliyense wowafunsa kuti muli uli, ndiye kuti muli bwanji, ankamuimitsa ndi kumuyankha moona: bondo lakumanzere likuwawa kukazizira, m'mimba simunayende bwino chiyambire Lamulungu, anankafumbwe alowa m'chimanga, ndipo analota akulembanso mayeso a sitandade eyiti. Anthu anayamba kuwoloka msewu akawaona patali. Anyamata a kabaza, amene amalimbirana munthu aliyense, iwo ankawadutsa ngati sanawaone. Mayi wina wogulitsa tomato anapeza njira yake: ankangoti yewo adada, ndiye kuti zikomo, n'kuwerama kuyamba kukonza milu yokonzakonza kale. Patapita milungu adada anafika kunyumba akusangalala ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anati apeza yankho, moni si funso. Ndi njira youzira mnzako kuti ndakuona, ulipo, ndiwe munthu. Kuyambira pamenepo panalibe wopereka moni ngati iwo pa Champhira ponse, ankavula chipewa ngakhale kwa mwana wa sukulu. Izi n'zimene ambiri sankazimvetsa za adada. Sankagwedeza zinthu chifukwa chozinyoza. Ankazikonda, ndipo akagwedeza n'kuona kuti n'zolimba, ankazikonda koposa.

Pa siteji ya minibasi pa Boma amawakumbukirabe. Woitanira anthu ankakuwa kuti watsala mmodzi, watsala mmodzi, m'galimoto muli adada ndi mayi wina wa nkhuku basi. Adada anamukodola, namuonetsa mipando yopanda anthu, n'kumufunsa mwaulemu kuti mmodziyo ndi wonenepa bwanji kuti adzaze ponsepo. Woitanirayo anati, "Adada, ndapota, mukukwera kapena mukuyendera sukulu?" Mayi wa nkhuku uja anamuikira kumbuyo, nati aliyense amadziwa kuti watsala mmodzi amatanthauza kuti galimoto inyamuka lero lomwe. Adada anawomba m'manja. Anati bodza limene onse akulidziwa, ndipo palibe akunamizidwa, si bodza ayi, ndi chilankhulo.

Ngakhale ine sanandisiye. Ankati anthu sitionana kwenikweni, timaona mitundu: uyu ndi wa kabaza, uyu ndi nesi, uyu ndi mkamwana, ndipo tikadziwa mtundu wake timadziwa kale zoti tinene. Mkamwana kuno ndi mkazi wa mwana wako, ndiye ineyo. Mkamwana sakhala pampando pamaso pa apongozi aamuna, sawayang'ana m'maso, ndipo amagwada chapatali polankhula. Tsiku lina ndikubweretsa tiyi adada anandikokera mpando, nati ndikhale, ndiwayang'ane, tikambirane ngati anthu awiri. Ndinaika thireyi pansi n'kuthawira kukhitchini ngati ndaba. Iwo anatsata mpaka pakhoma, nandifunsa ali kunja kuti anandiphunzitsa ndani kugwada choncho, popeza kwathu ku Kasungu n'kosiyanako. Ndinaganiza kaye, n'kuyankha kuti palibe, ndinangoona. Anati, "Mbwenu!" ndiye kuti basi ndi zomwezo, mokondwa ngati ndawapatsa mphatso. Amama anawathamangitsa ndi mthiko.

Patapita zaka ana awo anawagulira foni, ndipo inawapatsa ntchito yatsopano. Anaona kuti anthu akamalankhula pa foni amagwedeza mutu ndi kuloza ndi chala, ngati wa mbali inayo akuwaona. Tsiku lina anandiimbira ali ku Boma, ine ndili kudimba, kufunsa za mankhwala a ng'ombe. Pakati pa nkhani anaima n'kufunsa kuti, "NyaPhiri, mwagwada?" Ndinayang'ana pansi. Ndinali nditagwadadi, m'matope, pakati pa mpiru.

Mdani wawo wamkulu, amenenso anali bwenzi lawo lapamtima, anali a Mtonga, mkulu wa mpingo. Ankakangana pa bawo, panjira, ndi pamaliro pomwe. A Mtonga ankati miyambo inaikidwa ndi Mulungu ndi makolo, munthu asaiseweretse. Adada ankati makolowo anali anthu ngati ife, ndipo mwambo umakhalapo chifukwa timaupanganso m'mawa uliwonse, monga moto umene ukapanda kusonkhezeredwa umazima. Lamulungu lina anafuna kuwaonetsa a Mtonga. M'tchalitchi mwathu amuna amakhala mbali ina, akazi mbali ina, ndipo palibe chikwangwani chonena zimenezo. Adada analowa Baibulo lili kukhwapa, nakakhala pakati pa amayi. Nyimbo inasokonekera. Amayi anasunthira uku ndi uku, kuwasiya okha pakati ngati chithaphwi cha panjira. Kenaka NyaMoyo, mayi wosaopa munthu, anamasula mwana kumbuyo n'kumuika pamiyendo pa adada, nawanong'oneza kuti wokhala mbali ino amagwira ntchito za mbali ino. Ulaliki usanafike pakati, mwanayo anachita zake pa buluku lawo la kutchalitchi. Potuluka a Mtonga anawauza kuti akhala akufunsa vesi loletsa mwamuna kukhala kwa amayi. Vesilo ndi limenelo, ndipo lalembedwa poonekera.

A Mtonga omwewo ndiwo ankabwera kawirikawiri adada atagonekedwa m'chipatala pa Boma chaka chatha, mtima utayamba kufooka. Ankabwera ndi nthochi ndi mkangano. Adada, atagona chagada, ankati wodi ndi dziko lina lokhala ndi nthawi yakeyake: kunja anthu amayang'ana dzuwa, muno amayang'ana kangolo ka mankhwala. Amama ankangokhala pambali pa bedi, manja ali pamiyendo, osalankhula. Tsiku lina ndinawafunsa kuti bwanji sakuchezetsa odwala. Adada ndiwo anayankha, maso ali kudenga. Anati anthu awiri akakhala malo amodzi, ngakhale ali chete, ndiye kuti akukalambira limodzi, ndipo palibe chachikulu chimene munthu angachitire mnzake kuposa chimenecho. Amama anati ngati ndi choncho iwo anamaliza kalekale maphunzirowo, apatsidwe satifiketi. Dzulo lake la tsiku limene anatisiya, nesi anawafunsa kuti muli uli. Mpweya unkavuta kale. Anayankha kuti nili makora, kwali imwe, ndiye kuti kaya inu, ndipo anadikira mpaka nesiyo atayankha.

Pamaliro anthu ankakumbutsana nkhani zimenezi n'kumaseka, koma imodzi ankainena motsitsa mawu, akuyang'ana ngati amama ali pafupi. Ine ndinaiona yonse, chifukwa inachitika chaka choyamba cha ukwati wanga, nyengo yozizira, titangokolola.

Masana ena adada anabwera pa njinga kuchokera ku Boma. Sanalowe pabwalo. Anaima pa mpata wa mpanda, pamene alendo amaima, navula chipewa.

"Odi, odi kuno."

Ine ndinali kupeta nyemba. Ndinayesa kuti ali ndi munthu kumbuyo, koma anali okha. Amama anatuluka m'nyumba n'kuwayang'ana. Adada anawapatsa moni waulemu ngati sanawaonepo, nati ndi munthu wa paulendo, dzuwa lawapendekera, kaya angapeze malo ogona. Cholinga chawo, monga anaululira pambuyo pake, chinali choti aone nyumba yawo ndi maso a mlendo, aone zimene mwini nyumba anasiya kuona chifukwa chozolowera. Ankayembekeza kuti amama akalipa, iwo aseka, n'kufotokoza zonse pa chakudya chamadzulo.

Amama anawanunkhiza kaye ngati amwa. Kenaka ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

"Odini, alendo," anatero. "Fikani."

Anawalandira chikwama, nawapatsa kampando, nagwada, n'kuyamba kufunsa za kumene achokera, za mvula, za ana ndi za akazi awo. Atatha anandiitana kuti ndigwire tambala wofiira wa adada. Tambala ameneyu adada anamutenga kutali, wa mtundu waukulu, woti asinthe mbewu ya nkhuku za pakhomo. Ankamudyetsa m'manja, ndipo ankamulankhula Chingerezi. Adada ananyamuka pang'ono pakampando paja. Amama anati alendo asavutike, pakhomo pano munthu wochokera kutali saphikiridwa masamba. Madzulo amenewo adada anadya tambala wawo, nthutumba itaikidwa m'mbale mwawo monga mwa ulemu. Anathokoza. Sakanachitira mwina.

Anagona pamphasa pabalaza, ndi kabulangete kopyapyala ka alendo, m'chisanu cha ku Mzimba chija. M'mawa anatambasula dzanja kuti atsegule wailesi; amama anati pepani, eni ake sakonda kuti wina aigwire. Anafuna kukaona anthu amene ankaluka nkhokwe. Amama anati mlendo sagwira ntchito. Njinga yawo inabwerekedwa ndi mwana wa a Mtonga, amene ankadziwika ndi kuthyola masipoko, chifukwa eni ake kunalibe oti akane. Mawu amodzi akanathetsa zonsezi, koma adada sankafuna kuoneka kuti agonja. A Wongani anawachonderera, iwo anangonong'ona kuti ndi mayeso, atsala pang'ono kutha. A Wongani anapita kwa amama, amama anati iwo sadziwa za mayeso, akudziwa za mlendo.

Masiku anapita, nkhani inalumpha mpanda. Ena ankati feno uja wafika kumutu. Ena ankati alodzedwa ndi mphunzitsi mnzawo amene ankalimbirana naye uhedimasitala. Amayi a kumjigo anali ndi yankho lachidule: mwamuna akayamba kuodira pakhomo pake, ndiye kuti pali khomo lina limene amalowa popanda odi. A Mtonga anabwera kudzapemphera, ndipo adada anachita kudzidziwitsa ngati mlendo kwa munthu amene ankasewera naye bawo kuyambira ali anyamata. Choopsa chinachokera ku Engutwini, kwawo kwa amama. Alongo awo anatumiza uthenga kuti amva zoti Zgambo wakana nyumba yake. Ngati ndi choncho akubwera kudzatenga mlongo wawo, ndipo za ng'ombe za lobola akuluakulu adzakambirana. Ine ndinali nditangolowa m'banjali, ndipo ndinayamba kuopa kuti lipasuka ndisanadziwe n'komwe kumene amasunga mchere.

Tsiku lotsatira uthengawo, masana, amama anakhala pakhonde akuswa mtedza, mlendo wawo ali pakampando. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikusefa ufa, ndipo ndinamva zonse. Amama anati popeza alendo akhalitsa, ndiponso ndi munthu wodutsa amene adzapita nazo kutali, angathe kuwauza za amuna awo.

Anayamba ndi zoseketsa. Anati amuna awo ndi munthu wabwino, samenya, samwa, ndipo amadziwa chifukwa chimene anthu onse a pa Boma amachitira zimene amachita. Koma m'mawa uliwonse amapeza madzi otentha kubafa, ndipo chiyambire ukwati sanafunsepo kuti madziwo amayenda bwanji kuchokera kumjigo. Munthu wofunsa chilichonse, chimenecho chokha anachisiya. Kenaka mawu awo anatsika. Anatchula Tiwonge, mlongo wawo wa a Wongani, amene anamwalira ndi malungo ali wamng'ono, ine ndisanabwere. Dzina limeneli ndinali ndisanalimvepo likutchulidwa pakhomopo.

"Tsiku la maliro, alendo, amuna anga anabwera pamene ndinakhala. Ndinayesa abwera kudzakhala nane. Anandinong'oneza kuti aona amayi ophika kuseri akuseka, ndipo akamva kuti kwafika anthu atsopano amayamba kulira. Anati si chinyengo, ndi maiko awiri olekanitsidwa ndi mpanda. Zinali zoona. Amuna anga sanama. Koma ine tsiku limenelo sindinkafuna mphunzitsi."

Anaswa mtedza wina, nati chiyambire pamenepo sanapitepo limodzi kumanda a mwanayo. Anati mwina mwamunayo analira m'njira yake, kumayang'ana ena kuti asayang'ane bokosi. Iwo sakudziwa, chifukwa sanawauzepo. Izi sakanatha kuuza amuna awo, anatero, chifukwa akanayamba kufotokoza. Ubwino wa mlendo ndi woti sadula mwini nyumba pakamwa.

Kuseri kwa mpanda ndinasiya kusefa. Adada sanafotokoze kanthu. Patapita nthawi ndinangomva akuti, "Yewo, amama."

Amama anakutumula chitenje, nalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwama cha adada atalongedzamo kale. Anati alendo acheza mokwanira, akwawo ayamba kuda nkhawa. Anawaperekeza mpaka kumsewu, iwo patsogolo atasenza chikwama, adada pambuyo, mudzi wonse ukusuzumira m'mipanda. Pamsewu anawapatsa kaphukusi ka mtedza.

"Mukapatse akazi anu. Mukawauze kuti ndawapatsa moni. Ayenera kuti ndi munthu wopirira chomene."

Munthu woperekezedwa mpaka kumsewu sangabwerere pambuyo pa womuperekeza. Adada anakwera galimoto ya matola yopita ku Boma, nakagona kwa mlongo wawo amene ankakhala kumeneko. Iye anawafunsa ngati awathamangitsa. Anati ayi, awaperekeza.

M'mawa mwake alongo a amama anafika, azibambo akuluakulu a majekete ndi zibonga, nakhala pabwalo nkhope zili gwa. A Mtonga analiponso. Amama anawapatsa chindongwa, thobwa la kuno, n'kulowa kukhitchini. Dzuwa litakwera tinawaona adada akubwera wapansi, chikwama m'manja, kaphukusi ka mtedza kali kukhwapa. Anafika pa mpata wa mpanda paja n'kuima. Tonse tinkadziwa vuto lawo popanda wotiuza. Akaodira ndiye kuti ndi mlendo, ndipo alamu awo anyamuka ndi mlongo wawo. Akalowa chete, alowa ngati wakuba pamaso pa akuluakulu. Anaima pamenepo mpaka a Mtonga anayamba kusuntha milomo, kupemphera chamumtima.

Kenaka analowa ndi mphamvu, nakankha ndi phazi beseni limene linali panjira.

"Ndani wasiya beseni pakhomo ngati pano ndi pamsika? Njinga yanga ili kuti? Nanga tambala wanga sindikumumva bwanji?"

Amama anayankha ali kukhitchini komweko, osatuluka. "Tambala wanu anadyedwa ndi mlendo wina wopanda nzeru. Mukanakhala pakhomo bwenzi alipo."

Alongo a amama anayang'anana. Wamkulu anamaliza chindongwa chake, napukuta ndevu, nati iye sakuona mlandu. Nyumba imene anthu amalankhulana chonchi ndi yolimba, anatero, ndipo amuyendetsa ulendo wautali pachabe. Kuti asabwerere ndi njala tinapha nkhuku ina. Imeneyo adada anasankha okha, yowonda.

Patapita masiku angapo, atapempha kwa akuluakulu monga umafunira mwambo, awiriwo anatenga makasu n'kulowera njira ya kumanda. Anabwerako dzuwa litapendeka, onse awiri maso ali ofiira. Zaka zambiri pambuyo pake amama anandiuza kuti ulendo wonsewo, popita, polambula ndi pobwera, adada sanatulutse liwu, ndipo pa zonse zimene mwamunayo ananenapo m'moyo wake, zimenezo ndiye zinali zanzeru. Kuyambira nyengo imeneyo adada ankamangirira zigubu pa njinga m'mawa kupita kumjigo. Amayi ankawaseka, n'kuwasiya aime pamzere ngati wina aliyense. A Mtonga anawafunsa ngati awa ndi mayeso ena. Iwo anati ayi, awa ndi madzi. Kunja sanasiye khalidwe lawo. Ankathabe kulowa m'golosale n'kufunsa wogulitsa kuti wadziwa bwanji kuti iwo abwera kudzagula osati kudzacheza. Koma pakhomo pawo sanayeserenso.

Atapuma ntchito ankakhala pa mpando wawo wa matabwa pakona ya khonde, woyang'ana kumsewu, n'kumaonerera anthu odutsa monga ena amaonerera mpira. Pogawa katundu wa malemu, a Mtonga anapempha mpandowo, ndipo palibe anakana. Pakonapo tsopano palibe kanthu. Khoma lili ndi banga lakuda pamene mutu wawo unkatsamira, ndipo pansi, popeza khonde ndi lozira ndi dothi, pali timaenje tinayi pamene miyendo ya mpando inadya kwa zaka. Zidzukulu zikamathamangitsana zimapatuka pamenepo. Madzulo amama amakhala pamphasa chapafupi n'kuyamba kunena za kukwera kwa feteleza, za mbuzi za eni ake zolowa m'dimba, za denga lodontha, nkhope itatembenukira kukona.

Khirisimasi yapitayi ndinabwera ndi dothi lakuda kudzawathandiza kuzira khonde. Ndinayambira kukhomo, ndikubwerera chammbuyo ndi mwala wanga, mpaka ndinafika pa timaenjeto. Nditatapa dothi kuti nditseke, amama anandigwira mkono.

"Pamenepo siyani, NyaPhiri. Mukatseka, ine ndizikalipira kuti?"